Mlendo pa Boti la a Seko

Kazusa Seko, mwana wamkazi wa msodzi wa madolofini, ankawadziwira pa nsapato anthu a makamera. Munthu wobadwira ku Kurohama savala nsapato zoyera pa doko lonunkha nsomba. Koma alendo obwera kudzalirira madolofini, chaka ndi chaka kuyambira mwezi wa Seputembala, ankafika atatchena ngati akupita ku ukwati. Ankaima mondondozana pa khoma la doko, maso ali pa maboti khumi ndi awiri a m'tauniyo, n'kumajambula amuna a eni ake ngati akujambula anyani. Dzuwa likakwera ankapita kukadya mpunga wa nsomba, kenako n'kulemba pa intaneti kuti mitima yawo yasweka.

"Mitima yosweka, koma mimba zili bwinobwino," ankatero Kazusa.

Ndiye zinali zochititsa manyazi, ngakhale kwa iye mwini, kuti Loweruka lina mu Novembala anakwera sitima n'kudutsa masiteshoni anayi kuti akakumane ndi mmodzi mwa anthu omwewo, kumalo komwe sakanaonedwa ndi wa kwawo aliyense.

Dzina lake linali Iori Nagamine, mnyamata wa ku Osaka, wojambula mafilimu a zinthu zochitikadi. Chinali chaka chake chachitatu akubwera ku Kurohama, ndipo filimu yake ya kusaka madolofini inali isanathebe. Anadziwana miyezi iwiri m'mbuyomo, tsiku limene mvula inamuthamangitsira m'kanyumba kodyera ka azakhali ake a Kazusa. Kazusa anamuuza kuti mipando yonse ili ndi anthu, pamene m'nyumbamo munalibe ngakhale mphaka. Iori anayang'ana mipando yopanda anthuyo, anaiweramira mwaulemu, n'kunena kuti, "Pepani nonse, ndakusokonezani," basi n'kubwerera pamvula. Kazusa anaseka asanafune. Kuyambira pamenepo zinthu zinangoipiraipira.

Loweruka lija Kazusa anamupeza atakhala pakona m'kanyumba ka tiyi kuseri kwa siteshoni, akusenda nachesi mosamala ngati dokotala.

"Wachedwa," anatero Iori.

"Ndimaganizira ngati kubwera kuno kuli ndi nzeru. Mpaka pano ndikuganizirabe."

"Khala pansi, uziganizira utakhala."

Kazusa anakhala. Anasuzumira pansi pa tebulo, kenako kuseri kwa mpando. "Kamera ili kuti?"

"Ndaisiya."

"Ndiye ukupuma bwanji? Ine ndimayesa ndi mapapo ako."

Iori anaseka, n'kumupatsa theka la nachesi lija. Anali ndi kasekedwe kofatsa kamene kankamukwiyitsa Kazusa, chifukwa munthu ukamunyoza amayenera kupsa mtima, osati kukupatsa chipatso.

"Kazusa, ndatopa ndi zozemba ngati mbava. Ndikufuna ndikaonekere kwa bambo ako."

"Ukaonekere? Bambo anga amakuona m'mawa uliwonse. Kwathu uli ndi mayina atatu, ndipo palibe ngakhale limodzi lomwe ndinganene pamalo odyera."

"Ndikunena zoona."

"Inenso. Ukawauza chiyani? 'Bambo Seko, ndine uja ndikufuna dziko lonse likudeni, koma mwana wanuyu mundipatse'?"

"Sindikufuna aliyense awade." Anatsitsa mawu. "Dzulo anakusa madolofini khumi ndi asanu ndi atatu n'kuwatsekera m'kagombe kaja. Asanu anawasankha kuti akagulitse kumene amawavinitsa pamaso pa ana. Otsalawo anawalowetsa pansi pa malona kukawapha. Panali kamwana kamodzi, kankangozungulira pa ukonde mpaka..."

"Basi." Kazusa anaika nachesi patebulo. "Usandiphunzitse za kagombe kaja. Iwe umaonera pagalasi, uli paphiri, utavala jekete lodula. Ine ndinaona madzi akufiira ndili ndi zaka khumi, nditaima momwemo mpaka m'mawondo. Kuyambira tsiku limenelo nyama ya dolofini sindinaiikenso m'kamwa. Palibe anandijambula. Palibe anandiombera m'manja. Ndipo yunifomu yomwe ndinavala popita kusukulu mawa lake inachokera m'madzi omwewo. Zimenezo zikalowa pati mu filimu yako?"



"Sindikudziwa," anatero Iori. "N'chifukwa chake siikutha."

Kazusa anali atakonzekera mkangano, osati yankho limenelo. Anatola nachesi lija n'kulidya mokwiya.

* * *

Lolemba masana, odya atatha, chitseko cha kanyumba kodyera chinatseguka. Kunayamba kulowa fungo la perefyumu, kenako mwini wake: mkazi wamtali, tsitsi lodulidwa ngati anachita kuyeza ndi rula. Kazusa ankamudziwa. Anali Reika Tachibana wa ku Tokyo, mkulu wa gulu loteteza madolofini lomwe linatuma Iori kudzajambula. Pa khoma la doko ndi amene ankalira kuposa onse, koma utoto wa m'zikope zake sunkasungunuka.

"Tatseka," anatero Kazusa.

"Sindinabwere kudzadya. Sindingayerekeze." Reika anapukuta mpando ndi kansalu asanakhale. "Ndinu Kazusa, eti? Ndimafuna ndikuoneni pafupi. Ndimayesa ndinu wamng'ono kuposa apa."

"Inenso ndimayesa mumalira nthawi zonse. Kani mumapumira?"

Reika anamwetulira ndi milomo yokha.

"Pakamwa muli napo. Iori amakonda zimenezo, kwa miyezi ingapo. Ine ndakhala naye zaka zinayi, achemwali, kuntchito ndi kunja kwa ntchito komwe, ndiye nyengo zake ndimazidziwa. Filimu iliyonse amagwa m'chikondi. Pomwe tinkajambula za zimbalangondo kumpoto kuja, anali mwana wa mlenje. Filimu itatha, chikondi chinalongedzedwa m'bokosi limodzi ndi mawaya."

"Ndiye mwavutikira kudzandichenjeza? Chifundo chanu n'chachikulu. Madolofini okha sakukukwanirani."

"Ndabwera kudzakuthokozani. Zaka ziwiri zathunthu palibe munthu wa m'tauni ino anatiyankhapo ngakhale moni. Ndine ndinamuuza kuti, 'Iori, peza khomo lolowera.' Kungoti sindinadziwe kuti khomolo lidzakhala lovala epuloni."

 Kazusa anapitiriza kupukuta kapu yomwe inali youma kale.

"Mwamaliza?"

"Mukamufunse. Kunama sanama, amangosiya kunena." Reika anaimirira n'kukonza malaya ake. "Tauni yanuyi ndi yokongola, mukudziwa. Zankhanzazi zikadzatha, anthu azidzabwera kudzasambira."

"Akadzabwera tidzawauza kuti tatseka."

Chitseko chitatsekeka, Kazusa anatenga foni n'kulembera Iori ataimirira.

"Khomo lako likupereka moni."

Foni inalira nthawi yomweyo. Anangoiyang'ana. Inalira kasanu ndi kawiri, kenako mauthenga anayamba kugwa.

"Reika anabwera kumeneko?"

"Kazusa, yankha."

"Si mmene wakuuziramo."

"Anakuuza kuti upeze khomo," analemba Kazusa. "Inde kapena ayi?"

Panapita mphindi zitatu. Foni inkaonetsa kuti munthu akulemba, akufufuta, akulembanso. Zonsezo n'kubala liwu limodzi.

"Inde."

"Zikomo. Umuuze mwana wa mlenje uja kuti ndalowa nawo m'gulu."

Anazimitsa foni n'kuiponya m'thumba la epuloni.

* * *

Atafika kunyumba madzulo anapeza majombo aakulu pakhomo, ataikidwa pakati penipeni ngati a mwini nyumba. Anawadziwa. Gengo Shiozaki ankagwira ntchito pa boti la bambo ake chichokereni kusukulu, ndipo tauni yonse inali itamukwatitsa kale kwa Kazusa popanda womufunsa Kazusayo. Gengo anali atamufunsira katatu. Ulendo wachitatu anatuma amayi ake, ngati munthu woitanitsa katundu.

Bambo Tadao Seko anali atakhala pamphasa, manja aakulu ong'aluka ndi mchere atawasanjika pamawondo. Mayi Sumie anali chiimire pakhomo la khitchini. Pa tebulo lalifupi lija panali foni ya Gengo, ndipo pa foniyo panali chithunzi: Kazusa akulandira nachesi m'manja mwa munthu wa kamera.

"Ndi iwe uyu?" anafunsa bambo ake.

"Mwana wanu simukumudziwa, Ababa?"

"Ndimayesa ndimamudziwa."

Gengo anatsokomola. Anali atakonza nkhope ya pamaliro, koma maso ankavina.

"Ine sindinafune kubweretsa zimenezi, Bambo Seko. Mlongo wanga amagulitsa matikiti pa siteshoni ija, ndiye anangoona. Mtima wandipweteka kwambiri."

"Wakupweteka mpaka wachikulitsa chithunzicho kuti nkhope zioneke bwino," anatero Kazusa. "Pepa, Gengo. Ukamwe mankhwala."

"Ukuseka? Anthu amenewa ndi aja anaika nkhope ya bambo ako pa intaneti, pansi pake n'kulembapo kuti chigawenga. Amayi ako anatha mwezi wathunthu osayankha foni chifukwa cha matukwano a anthu osawadziwa. Waiwala?"

"Sanali iyeyo."

"Onse ndi amodzi! Amadya ng'ombe, amadya nkhumba, koma akafika kuno amasanduka angelo. Ife tili ndi chilolezo cha boma. Agogo athu ankachita zomwezi iwo asanadziwe kuti nyanja ili mbali iti."

"Zimenezo wanena bwino. Unachita kuloweza kapena anakulembera?"

"Kazusa," anatero amayi ake chapansipansi.

Bambo Seko anakankha foni ija ndi chala chimodzi, ngati akukankha nsomba yowola.

"Ndikufunsa kamodzi. Ndi chibwenzi?"

Kazusa anali atalowa m'nyumbamo ndi yankho lokonzeka. Zinali zitatha masana omwewo. Akanangonena kuti ayi, Ababa, zinali zachibwana, ndipo nkhani ikanafera pomwepo. Koma anayang'ana Gengo, namuona akunyambita milomo ngati galu woyembekeza kuti mbale igwe. Anaona moyo wake wonse uli pamenepo: majombo aja pakati pa khomo mpaka kukalamba.

"Inde," anatero. "Ndipo akufuna kudzaonekera."

Nkhope ya Gengo inagwa. Mayi Sumie anagwira pakamwa. Bambo Seko anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kenako anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano.

"Lamlungu masana," anatero. "Umuuze abwere ndi njala."

* * *

Iori anamudikirira mawa lake pa masitepe okwera ku kachisi wa paphiri, pomwe Kazusa ankadutsa popita kuntchito. Maso ake anali ofiira.

"Usayandikire," anatero Kazusa. "Yankhulira pomwepo. Makomo amamva ngakhale uli patali."

"Reika ananenadi zimenezo, ndipo ine ndinavomera. Ulendo wachiwiri womwe ndinabwera kwa azakhali ako, ndinabwerera zimenezo."

"Uli ndi luso lopepesa. Pitiriza."

"Wachitatu ndinabwera chifukwa cha mmene unanditukwanira ulendo wachiwiri. Ndinapita kukagona ndikuseka ndekha. Kuyambira pamenepo sindinakufunsepo chilichonse cha maboti. Taganiza, ndinakufunsapo?"

Kazusa anaganiza. Zinamunyansa kupeza kuti sanamufunsepo.

"Nanga mwana wa mlenje?"

"Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Ankandiphikira chifukwa ankati ndine woonda ngati ndodo."

"Nanga madamu a perefyumu?"

"Zinatha chaka chatha. Iye sanavomerezebe. Dzulo ndamuuza kuti chilichonse chokhudza iwe ndi banja lako sichilowa mu filimu, ndipo ngati sakufuna apeze wojambula wina. Anandigenda ndi kapu."

"Anakuphonya?"

"Pang'ono."

"Anthu a ku Tokyo alibe ntchito." Kazusa anayamba kutsika masitepe, n'kuima osacheuka. "Lamlungu, thwelofu koloko, kwathu. Si kuti ndakukhululukira. Ndikungofuna ndione mmene bambo anga akakudyere."

* * *

Anabwera atavala suti yomwe inkaoneka kuti inasokedwera munthu wina wonenepa, m'manja muli bokosi la makeke a ku Osaka. Anavula nsapato n'kuziika pambali bwinobwino. Anagwada pamphasa, n'kuwerama mpaka mphumi kutsala pang'ono kugunda pansi. Bambo Seko sanabweze. Anangolandira bokosi lija n'kulipereka kwa Gengo, amene palibe anamuitana koma anali atakhala kale kudzanja lamanja la mwini nyumba.

"Ndiye ndi ameneyu," anatero Bambo Seko. "Popanda galasi kumaso ndi kamunthu ndithu."

"Ndine Iori Nagamine, bambo. Zikomo pondilandira."

"Sindinakulandire. Ndakuitana."

Mayi Sumie anabweretsa mpunga, msuzi ndi ndiwo zamasamba. Pomaliza anabweretsa mbale yaikulu ya nyama yakuda, yophikidwa ndi jinja, mafuta ake akunyezimira. Fungo lake linadzaza chipinda. Kazusa anayang'ana kukhoma. Bambo Seko anatenga timitengo todyera n'kumugawira okha mlendo, nthuli zitatu zikuluzikulu.

"Ya Lachisanu," anatero. "Unaijambula ili yamoyo. Tsopano uione mbali inayo."

Gengo anaseka mpaka mpunga kumutuluka pakamwa. "Idyani, achimwene a ku Osaka. Kapena muyambe mwaiimbira nyimbo?"

Iori anayang'ana mbale ija.  Mumtima Kazusa ankamunyoza kale mbali zonse ziwiri: akadya ndi wachinyengo, akakana ndi wamwano.

"Bambo," anatero Iori, "mpunga ndidya, msuzi ndimwa, ndipo ndikuthokoza amayi pophika. Koma iyi sindidya. Ndikadya lero kuti ndikukondweretseni, ndiye kuti ndayamba kukunamizani tsiku loyamba."

"Wamva, Gengo? Akuti sakufuna kundinamiza." Bambo Seko anatafuna pang'onopang'ono. "Zaka zitatu wakhala ukundiloza ndi chigalasi chako. Ukudziwa dzina la boti langa?"

"Sumie Maru."

"Ukudziwa kuti mng'ono wanga anafera pati?"

"Ayi, bambo."

"Ukudziwa kuti m'tauni ino mwatsala ana angati kusukulu? Ukudziwa chomwe munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wodziwa nyanja yokha, angakagwire ku Osaka kwanuko? Sukudziwa. Umadziwa magazi basi, chifukwa magazi amaoneka bwino pa kanema."

"N'zoona kuti zambiri sindikuzidziwa. Koma zomwe zimachitika pansi pa malona aja ndinazimva ndi makutu anga, ndipo sindingaleke kunena kuti n'zolakwika. Ngakhale m'nyumba mwanu muno."

 Gengo anaika timitengo pansi ngati akufuna kudzuka.

"Ndimutulutse, Bambo Seko?"

"Khala pansi, iwe. Nyumba ino sinakhale yako." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Nanga iwe, mbale yako ili bwanji? Kapena ukudikira ndiyang'ane kumbali kuti uwakankhire amako?"

 Mayi Sumie anagwetsa maso.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi," anatero Bambo Seko. "Mumayesa ndine wakhungu nonse awiri. Ine ndimaona msana wa dolofini pamtunda woti inu simungaone ngakhale boti, ndiye ndilephere kuona nyama ikusamuka patebulo langa?"

"Bwanji simunanene, Ababa?"

"Iwe bwanji sunanene?"

 Kwa nthawi yoyamba chiyambireni chakudyacho, Kazusa anasowa mawu onyoza. Bambo ake anamwa tiyi, n'kubwerera kwa mlendo.

"Mwana wangayu ndi wamakani ngati ine, ndiye kumuletsa n'kutaya nthawi. Koma munthu wondiweruza ali pakhoma sindingamupatse ngakhale ndowa. Mawa tikutuluka dzuwa lisanatuluke. Ukwere boti langa. Popanda kamera, popanda foni, popanda cholembera. Uone ndi maso ako okha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pansi pa malona pomwe. Ukabwerako uli chiimire, tidzakamba za Kazusa."

"Bambo Seko!" Gengo anakuwa. "Anzathu a maboti enawo sangalole! Mlendo sanakwerepo..."

"Boti ndi langa. Ndikawauza kuti ndamuika pa dzina langa. Chikalakwika chilichonse, adzandifunse ine."

Iori anayang'ana Kazusa. Kazusa anapukusa mutu pang'ono, kumuuza kuti akane.

"Ndikwera," anatero Iori. "Koma chitsulo chothamangitsira madolofini sindimenya."

"Tikaona konko," anatero Bambo Seko. "Idya mpunga wako. Mawa udzaubweza wonse."

* * *

Kunja kunali kutangoyamba kuyera pamene Kazusa anafika pa doko. Amuna a maboti ena anali ataima m'magulumagulu, akusuta, osayankhula ndi bambo ake. Mkulu wina analavula malovu pamene Iori ankadutsa.

Gengo ndiye anadzipatsa ntchito yosecha. Anamuvula jekete pamaso pa anthu onse, n'kupisa m'matumba, n'kumuvula nsapato, mpaka kumufunyulula tsitsi.

"Tsegulani pakamwa, achimwene. Mwina mwameza kakamera."

Amuna aja anaseka. Iori anatsegula pakamwa osatsutsa. Atamupatsa majombo ndi chovala cha pulasitiki, anacheukira kwa Kazusa.

"Ukuoneka ngati thumba la zinyalala," anatero Kazusa.

"Zikomo."

"Ukafuna kusanza usanzire kumene mphepo ikupita. Ndipo ugwiritse chingwe." Anazindikira kuti mawu ake afewa, ndiye anawonjezera msanga: "Ukagwera m'madzi palibe akakuvuule."

Maboti anatuluka mondondozana, Sumie Maru ili yachitatu, ndi anthu ake atatu. Kazusa anaima mpaka phokoso la injini litachepa.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"

Reika anali atakhala pa khoma la doko, miyendo atapingasa, tabuleti ili pamwendo. Lero sankalira.

"Mwalawirira maliro?" anafunsa Kazusa.

"Ndalawirira kanema. Bwerani muone, simulipira. Zaka zitatu tikulephera kufika pamenepa, inu mwatifikitsa m'masiku asanu ndi awiri."

Anatembenuza tabuleti ija. Chithunzi chinkagwedezeka ndi mafunde, koma chinkaoneka bwino. Zingwe. Mpope wachitsulo uja womenya ndi hamala, utamangidwa m'mbali mwa boti. Msana wa bambo ake, chipewa chawo chabuluu, dzanja lili pa chiwongolero. Pakona pa galasi panali kadontho kofiira, ndi nambala ya anthu oonera yomwe inkakwera Kazusa akuyang'ana.

 Ndiye Iori kamerayo anaibisa pati? Anamusecha mpaka m'kamwa. Nkhope yofatsa ija, nachesi lija, kuwerama kuja pamphasa ya amayi ake. Bambo ake anali ataika dzina lawo pa munthu ameneyu pamaso pa tauni yonse, chifukwa cha iye.

"Akafika pansi pa malona ndiye kukhala kokoma," anatero Reika.

Kenako boti linakhota, chithunzi chinasuntha, ndipo Iori analowa m'galasi. Anali atakhala kumbuyo, nkhope itatuwa, manja onse awiri atakakamira chingwe.

Kazusa anayang'anitsitsa. Bambo ake anali m'chithunzimo. Iori anali m'chithunzimo. Kamera inali pachifuwa pa munthu wachitatu, ndipo pansi pa galasi panadutsa dzanja lonenepa likuyatsa ndudu.

"Gengo," anatero Kazusa.

"Mnyamata womvetsa zinthu. Anandipeza yekha dzulo madzulo. Sanapemphe kanthu, mukudziwa? Anangoti dzina lake lisamveke, ndipo pansi pa kanemayu tilembe dzina la wojambula wathu wa nthawi zonse." Reika analoza ndi chikhadabo chofiira. Zilembo zinali pomwepo, zoyera: Wojambula, Iori Nagamine.

"Aliyense wa maso aona kuti si iyeyo wanyamula kamera."

"Adzati anaimata pakhoma la boti usiku, kapena kuti munamumatira ndinu. Makiyi a boti amagona m'nyumba mwanu, si choncho?" Reika anazimitsa mawu a tabuleti n'kumuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Pitani mukawauze. Mukanene kuti mwana wawo wa pa doko, amene amatitukwana kuposa onse, ndi amene wawagulitsa, ndipo chibwenzi chanu cha ku Osaka n'chosalakwa. Ndikufuna ndione amene akukhulupirireni."

Kumbuyo kwawo, pa khomo la ofesi ya asodzi, foni ya munthu wina inalira. Kenako ya wina. Mayi wina amene ankatsuka mabokosi a nsomba anaimirira, foni ili m'manja, n'kuitana anzake. Anaunjikana mitu pamodzi. Kenako, mmodzimmodzi, anadzutsa nkhope zawo n'kuyang'ana pa khoma la doko, pomwe mwana wa a Seko anali ataima phewa ndi phewa ndi mkazi wa ku Tokyo, akuonera limodzi.